Kwawo kwa Mayi Enelesi

Matebulo anali makumi anayi. Owafuna anali zana limodzi ndi makumi atatu, osawerengera aja ongotulukira kumapeto kwa mwezi. Aliyense wodziwa kugawa akanaoneratu kuti pa anthu atatu aliwonse, awiri abwerera chimanjamanja. Mayi Enelesi Kachingwe masamu amenewa anawaona bwinobwino, koma sanawasowetse tulo. Munthu amene wagulitsa tomato m'tauni ya Shurugwi kwa zaka makumi atatu sadzifunsa ngati dzina lake lidzakhalepo. Amangodzifunsa kuti adzamupatsa tebulo la mbali iti, ya dzuwa kapena ya mthunzi.

Msika watsopanowo unali shedi ya malata obiriwira, pansi pa simenti, mpopi umodzi pakona ndi chimbudzi chokhoma ndi loko. Akuluakulu a tauni anali atanena kale kuti tsiku limene shediyo idzatsegulidwe, m'mbali mwa msewu musadzapezekenso munthu woyala thumba pansi. Choncho nkhani sinali ya mthunzi wokha ayi. Wosowa tebulo ndiye kuti wasowa pogulitsira.

Malo a Mayi Enelesi anali pafupi ndi pokwerera makombi, maminibasi opita ku Gweru, pamene msewu umapindika usanayambe kutsika. Ankayala thumba, n'kuika thabwa pamwamba pa makireti awiri, n'kuunjika tomato milu ya anayi anayi, wamkulu pamwamba. Tsiku lonse pankadutsa magonyeti, magalimoto aatali aja onyamula miyala ya kuromu, ndipo lililonse likadutsa linkasiya fumbi lotuwa pa tomato. Iwo ankatenga kansalu konyowa n'kupukuta mmodzimmodzi osayang'ana n'komwe. Miyala inkatsika phiri kupita kumene imagulidwa, fumbi lokha n'kumatsala. Mnzawo woyandikana nawo, Mayi Noria, Mshona wa mtundu wa Akaranga wa kumidzi ya kwa Nhema kufupi ndi tauniyi, ankati fumbilo asamalipukute lonse chifukwa ndiwo masheya awo a mumgodi.

Awiriwa ankanyozana kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Noria ankawatchula anzakewo Mubhurandaya, dzina limene Ashona amanenera anthu ochokera ku Malawi ngati kuti onse anabadwira ku Blantyre. Mayi Enelesi ankabweza kuti Mkaranga akaona chenji cha mnzake maso amachita kuwala ngati a mphaka. Chichewa chimene Noria ankadziwa chinali cha kutukwana ndi cha mitengo ya zinthu, ndipo ankati n'chokwanira.

Bambo awo a Enelesi, a Nehemiya Kachingwe, anafika kuno mu 1957, tauniyi ikutchedwabe Selukwe. Inali nthawi ya Chitaganya, pamene Nyasalande ndi maiko awiri a Rhodesia anamangidwa pamodzi pansi pa boma limodzi. A Nehemiya sanapite patali ndi sukulu, koma Chitaganya ankachifotokoza mwa njira yawoyawo. Ankati zinali mbuzi zitatu pa chingwe chimodzi, chikhomo chake chokhomedwa ku Salisbury, Harare wa lero. Mbuzi ya kumpoto inali ndi mkuwa, ya kwawo ku Nyasalande inali ndi anyamata a mphamvu, ya kuno inali ndi pakamwa. Misewu ya phula, mafakitale ndi nyumba zosanja zinkamera mbali imodzi, mbali zinazo zikungotumiza. N'chifukwa chake anthu a kumgodi, m'Chilapalapa, chiyankhulo chawo chosakaniza cha pantchito, mzinda waukuluwo anaupatsa dzina lakuti Bambazonke, kutanthauza wotenga zonse.

Chingwe chotero sichikhalitsa, a Nehemiya ankatero, chifukwa mbuzi ziwiri zanjala zimakoka mpaka chiduke. Chinadukadi kumapeto kwa 1963. Kwawo anthu anavina, ndipo iwonso anasangalala nawo ali kuno. Koma ankamaliza nkhaniyo ndi mawu amodzimodzi nthawi zonse: anagona ali munthu wa m'dzikomo, anadzuka ali mlendo, pa mphasa yomweyo, m'komboni yomweyo, chingwe chitaduka iwo ali pakati.

Kuyambira pamenepo anaika mtima pa chinthu chimodzi, chakuti ana awo asadzakhale anthu opanda kwawo. Lamulungu lililonse pochokera ku tchalitchi ankawaimika pakhonde, Nowa wamkulu patsogolo, Enelesi pambuyo, n'kuwafunsa mmodzimmodzi kuti kwanu n'kuti. Woyankha kuti ndi ku komboni ankakokedwa khutu. Komboni ndi ya kampani, iwo ankatero, ngakhale chitseko chimene watsekacho si chako. Yankho lolondola linali limodzi, ndipo linkanenedwa munthu ataongoka, manja ali kumbuyo:

"Kwathu ndi ku Dedza, kuseri kwa phiri, mudzi wa Kamtedza, pa mkuyu wopindika."

Akalinena bwino, bambowo ankagwedeza mutu n'kuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Enelesi anakula nalo yankholi ngati dzino. Analinena pa chinkhoswe chawo. Ankalinena pa maliro alionse a anthu a ku Malawi, pamene achikulire a m'sosaite ya maliro amafunsa mlendo kuti ndi mwana wa yani. Munthu wolephera kuliyankha ankaonedwa ngati wosaleredwa. Ku Dedzako iwo sanapondeko phazi. A Nehemiya nawonso sanabwerereko. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa, mpaka anakalowa m'manda a kumgodi, kuseri kwa mulu wa miyala yotayidwa.

Amene anapitako ndi Nowa, mu 2008, chaka chimene mashelefu a m'masitolo anali mbee. Anagulitsa wailesi ndi njinga nakwera basi, akuti akukayamba moyo kwawo. Patatha masabata atatu anali atabwerera ku Mbizo, ku Kwekwe, kumene amakhala mpaka lero. Mudzi anaupeza, phiri analipeza, koma mkuyu anali ataudula kalekale kuotchera njerwa. Abale anamulandira bwino, anamuphera nkhuku, ankamutchula kuti a ku Halale. Tsiku lachitatu anayamba kumufunsa chimene wawatengera, ndipo sabata isanathe mayi wina wachikulire anamufunsa mwaulemu kuti kodi kwanu mubwerera liti. Nowa amaseka akamasimba zimenezi. Enelesi anamvetsera, sanaseke, ndipo yankho lawo silinasinthe ngakhale liwu limodzi.

Moyo wawo unayenda monga umayendera wa akazi ambiri a m'makomboni. Anakwatiwa ndi mnyamata wa kumgodi, mwana wa anthu a ku Ntcheu. Anabereka ana atatu, naika awiri m'manda. Mgodi utachepetsa antchito nyumba ya kampani inapita, iwo n'kupeza chipinda cha lendi ku Makusha, dera la anthu wamba la m'tauni momwemo, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene anayamba tomato, ndi mpamba wa chidebe chimodzi. Amuna awo anatsokomola zaka zinayi asanamwalire. Mwana wotsalayo, Lois, ali ku Harare kumene amagulitsa zikwama za mafoni, chifukwa ndalama ili kumeneko. Anthu ankati Mayi Enelesi ndi olimba mtima popeza sankawaona akulira. Sikunali kulimba. Zinali ngati dzanja limene munthu waligonera, ukalitsina umaona ndi maso kuti watsinidwa koma osamva kanthu.

Lamulo lalikulu la dziko litasintha mu 2013, iwo anakaima pa mzere n'kusinthitsa chitupa chawo. Chakale chinkawatcha eliyeni, kutanthauza mlendo, chatsopanocho chinkawatcha nzika. Anachimanga m'kampango n'kuchiika pansi pa sutikesi, nabwerera kukapukuta tomato.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene chinkawafika pamtima, malole a kumapeto kwa mwezi. Antchito a ku mgodi waukulu wa pulatinamu akalandira, tauni yonse imanunkha ndalama kwa masiku ochepa, ndipo masiku amenewo ndi amene wogulitsa amapezera lendi. Koma ndi masiku omwewo pamene malole ochokera ku Mbare, msika waukulu wa ku Harare, ankafika atadzaza tomato, kabichi ndi mbatata. Chidebe chimene Mayi Enelesi ankapikula madola asanu ndi limodzi ku Gweru, a malolewo ankachigulitsa madola asanu. Ankatsitsa, kugulitsa, kukwera, ndalama n'kupita nawo njira imodzimodzi ndi magonyeti. Milu ya iwo inkangofewa padzuwa.

Ndiye msonkhano wa ogulitsa utaitanidwa kuti akambirane za kagawidwe ka matebulo, iwo anapita, ngakhale misonkhano sankaikonda. Wapampando wa komiti ya msika anali Kudzanai, mnyamata wogulitsa misomali ndi maloko, amene Mayi Enelesi anamudziwa ali kumsana kwa amake. Kudzanai anafotokoza kuti shediyo yamangidwa ndi ndalama za divolushoni, ndiko kuti kagawo ka chuma cha dziko kamene kamayenera kubwerera m'zigawo kuti eni ake aone chochita nako. Anati kagawoko n'kochepa ndipo kamafika mochedwa, koma ndi kawo.

Anthu analankhula mokwiya koma mwadongosolo. Wina anafunsa kuti zikutheka bwanji kuti phiri lotulutsa golide, kuromu ndi pulatinamu likhale ndi mipopi youma. Dalaivala wina wa ku Bulawayo, amene anangolowa kudzabisala dzuwa, anati kwawo anthu ena atopa mpaka akunena zoti aliyense atenge chigawo chake, ndipo dziko likapitiriza kudyera mbali imodzi lidzang'ambika ngati nsalu yakale. Kenako mtsikana wina wogulitsa mazira, wosakwana n'komwe zaka makumi awiri ndi zisanu, anaimirira n'kunena kuti Harare ndi Bambazonke.

Mayi Enelesi anatembenuka kumuyang'ana. Liwu limenelo anali asanalimve chimwalirire bambo awo, ndipo sankadziwa kuti likadali moyo. Mumtima mwawo munagwedezeka kanthu kakang'ono. Pamene Kudzanai anawerenga mfundo yakuti matebulo ayambe apatsidwa kwa vana vemuno, ana a pano, ndipo obwera adikire, dzanja lawo linali m'gulu la oyamba kukwera. Anaombanso m'manja, chinthu chimene kunja kwa tchalitchi sankachita. Ankaona malole a ku Mbare akubwerera osatsitsa.

Pofuna kuti pasakhale za chibale, komiti inabwereka munthu wosadziwa aliyense kuti afunse mafunso, mtsikana wa ku koleji ku Gweru dzina lake Chiedza. Anamuika pa tebulo m'holo, ogulitsa n'kukhala pa mabenchi motsatana. Anali mwana waulemu. Aliyense wachikulire akafika ankayamba waomba m'manja mwa Chishona n'kufunsa za kunyumba. Mayi Enelesi atakhala pansi anawafunsa dzina, malonda awo, ndi zaka zimene akhala akugulitsa. Atamva zaka makumi atatu anakweza nsidze n'kunena kuti iye anali asanabadwe. Kenako anayang'ananso dzina lija, namwetulira monga amachitira mwana wofuna kudziwa.

"Kachingwe. Ko, kumusha ndekupi, amai?"

Kumusha ndiko kumudzi, kwanu kwenikweni. Funsolo linali lomaliza pa pepala, ndipo linafunsidwa bwino, ndi mawu ofatsa, ngati pa maliro. Msana wa Mayi Enelesi unaongoka wokha. Anapinda manja pamiyendo nayankha mosadodoma, poyamba m'Chichewa, kenako m'Chishona kuti mwanayo amve: ku Dedza, kuseri kwa phiri, mudzi wa Kamtedza, pa mkuyu wopindika.

Chiedza anati n'zosangalatsa, anamvapo kuti ku Malawi n'kokongola. Analemba liwu limodzi, nathokoza. Kumbuyo pa benchi Noria anatsokomola kawiri, koma iwo anayesa ndi fumbi la masiku onse.

Atatuluka panja Noria anawagwira pa mkono n'kuwakokera kuseri kwa holo.

"Mai Lois, mwadya chiyani m'mawa uno?"

"Tiyi. Bwanji?"

"Tiyi wake anali ndi mowa? Akukufunsani kuti ndinu a pano kapena ayi, inu mukuwapatsa mkuyu."

"Sanafunse zimenezo. Anafunsa kwathu."

"Mubhurandaya iwe," anatero Noria motsitsa mawu, ndipo ulendo uno sanaseke. "Mkuyu umenewo udzakupatsa tebulo?"

 Mayi Enelesi anaona mfundo ija, dzanja lawo lili m'mwamba, ndi liwu limodzi limene mtsikana uja analemba, zonse zitakhala pamzere ngati milu ya tomato. Anamvetsa bwinobwino. Anadikira kuti mantha abwere kapena manyazi, koma sikunabwere kanthu. Anati tomato wawo ali padzuwa, nabwerera kumsewu.

Maina anawerengedwa Lachisanu la sabata yotsatira, Kudzanai ataimirira pa kireti kutsogolo kwa shedi. Noria, wa zaka zisanu ndi chimodzi zokha pa msewupo, anapeza tebulo nambala 17. Mtsikana wa mazira uja anapeza. Anapezanso Esteri, mdzukulu wa anthu a ku Machinga, wobadwira m'komboni imodzi ndi Lois, amene atafunsidwa anatchula mudzi wa amuna ake. Achinyamata ambiri a magazi a ku Malawi anachita chimodzimodzi, ena anangoti Shurugwi basi, popeza yankho la pakhonde lija iwo sanaliphunzire. Anapezanso bambo wina amene amakhala ku Gweru ndipo amabwera mwa apo ndi apo, koma agogo ake ali ndi munda kwa Nhema. Dzina la makumi anayi litatchulidwa anthu anabalalika, ena akululutira, ena akutukwana. Mayi Enelesi anagulitsa milu iwiri kwa mayi wina amene ankafuna basela, namupatsa.

Madzulo ake anapita ku kashopu ka Kudzanai. Mnyamatayo atawaona anaimirira, nawapatsa mpando wake, iye n'kukhala pa chitini cha penti. Anayamba yekha kulankhula, maso ali pansi. Anati iye akuwadziwa, tauni yonse ikuwadziwa, ndipo ali mwana ankamupatsa tomato wofewa kuti akadye ndi mchere. Koma pepala linalembedwa ndi munthu wakunja dala, komiti yonse inasaina, ndipo akasintha dzina limodzi mawa kudzafika anthu makumi asanu ndi anayi pakhomo pake, aliyense ndi chifukwa chake.

"Ndiponso mfundo ija munaikwezera dzanja nokha, amayi," anatero.

"Ndinakweza."

"Ndiye mukanangoti Makusha. Liwu limodzi."

"Bambo anga ali m'manda a kumgodi," anatero Mayi Enelesi. "Mayi anga ali momwemo. Amuna anga, ndi ana awiri."

"Mukananena zimenezo."

"Sanandifunse za manda, mwanawe. Anandifunsa kwathu."

Kudzanai anapukuta nkhope ndi chikhatho. Anati pali pulani ya shedi yachiwiri, ya matebulo makumi awiri, ndipo mafunso adzafunsidwanso mwatsopano. Atamufunsa kuti liti, anati ndalama ikadzachoka ku Harare. Onse awiri anayang'ana kumsewu, kumene gonyeti linkadutsa pang'onopang'ono chifukwa cha maenje. Mayi Enelesi anathokoza chifukwa cha mpando, natsanzika.

Sanapite ku Makusha mwachindunji. Anazungulira njira ya kumanda, dzuwa likadalipo. Mpanda wa waya unagwa kalekale, ndipo makorokoza, anyamata okumba golide pawokha, anali atafika ndi maenje awo pafupi ndi mzere womaliza wa mitumbira. Pa manda a bambo awo pali chitsulo chimene anzawo a kumgodi anawotcherera, cholembedwa dzina, chaka, ndi liwu lakuti DEDZA m'zilembo zazikulu kuposa dzinalo. Anazula chisoso chimene chinamera m'mbali. Sanapemphere, sanadandaule. Munthuyo anawaphunzitsa chimene ankachidziwa, pofuna kuti asadzatayike. Mnyamata wina anatulutsa mutu m'dzenje n'kufunsa ngati ali ndi fodya wogulitsa, iwo anati ayi.

Anaimbira foni Nowa tsiku lotsatira, chifukwa nkhani yotere mlongo amayenera kuimva kwa mwini wake. Nowa anayamba kuseka, kenako anasiya. Anati abwere ku Mbizo, anthu ndi ambiri, makombi sasiya kuyenda, chipinda chakumbuyo chilipo. Iwo anawerengera mumtima. Ku Mbizo tomato ali pa ngodya iliyonse, makasitomala ali ndi anthu awo kale, ndipo tsiku lina nakonso kudzamangidwa shedi n'kufunsa za ana a pano. Kumeneko ngakhale manda alibeko. Anati aganiza.

Shedi inatsegulidwa Lolemba, ndi riboni ndi zakumwa za m'mabotolo. Lachiwiri m'mbali mwa msewu munali mbee, mutangotsala madontho a mafuta ndi zipsera za pamene pankakhala makireti. Mayi Enelesi anadzuka nthawi yawo ya masiku onse, anasamba, anavala epuloni, kenako anakhala pa bedi. Tomato wotsala, chidebe ndi theka, anamudula pakati n'kumuyanika pa lata kuseri kwa nyumba kuti asaole. Ntchito imeneyo itatha anakhalanso pansi. Mwini nyumba anadutsa kawiri pakhomo osafunsa za lendi, popeza mwezi unali usanathe.

Noria anafika Lachitatu masana, atasiya tebulo m'manja mwa woyandikana naye. Analowa osagogoda, nayang'ana tomato wa pa lata uja, n'kunena kuti sankadziwa kuti Mabhurandaya amayanika tomato ngati nyama. Kenako anakhala pa kireti n'kunena chimene anabwerera. Tebulo nambala 17 ndi lalitali, katundu wake sadzaza, ndipo woyandikana naye watsopanoyo ndi munthu wosadziwa kunyozana, ukamunena amakaneneza ku komiti. Malamulo salola kubwereketsa tebulo, koma amalola mwini wake kukhala ndi womuthandiza mmodzi. Dzina la Mayi Enelesi lingalembedwe pamenepo.

"Womuthandiza," anabwereza Mayi Enelesi.

"Pa pepala pokha. Theka ndi lanu, chimene mwagulitsa ndi chanu. Koma tomato ayi, Mai Lois. Tomato ndi wanga. Tikaika tonse awiri, anthu adzagula wanu, ndikukudziwani."

Sanabise, ndipo Mayi Enelesi anamulemekeza chifukwa cha zimenezo. Zaka makumi atatu za kudziwa tomato ndi chala, wa ku dimba ndi wa feteleza, wofika mawa ndi wofika Loweruka, zinathera pamenepo, m'chipinda cha lendi, popanda wokweza mawu. Anafunsa ngati anyezi ali ndi mwini. Noria anati alibe, matemba nawonso alibe. Iwo anayamba kuwerengera mokweza pang'ono, monga amachitira. Anyezi saola msanga, thumba limodzi limatha sabata ziwiri osataya kanthu. Phindu lake pa mulu n'lochepa kuyerekeza ndi tomato, koma safuna kansalu konyowa. Matemba amayenda kumapeto kwa mwezi, ndipo a malole sabwera nawo. Lendi ingakwane, mwina mochedwa ndi masiku ochepa.

Noria anadikira kuti amalize, kenako anaongola khosi, napinda milomo ngati mtsikana wa ku koleji uja, n'kuomba m'manja mwaulemu wonyanyira.

"Tiyeni tiyesere za shedi yachiwiri. Ko, kumusha ndekupi, amai?"

Msana wa Mayi Enelesi unayamba kuongoka wokha. Anaumva, naugwira. Liwu loyamba la yankho lakale linali litafika kale pa lilime, ndipo anachita kulimeza ngati piritsi lopanda madzi. Panja mwana wina ankakoka galimoto ya mawaya pa miyala.

"Makusha," anatero.

"Mokweza. Mukunena ngati mwaba."

"Makusha, Shurugwi."

Linatuluka louma, ngati mtengo wa chinthu. Silinawapweteke, silinawasangalatse. Noria anati pakufunikabe kuyeserera, azidzawafunsa m'mawa uliwonse asanayale katundu, ndipo tsiku limene mkuyu udzatulukenso adzalipira tiyi. Mayi Enelesi anati pa maliro adzayankhabe monga anaphunzirira, zimenezo asaziike m'kamwa. Noria anati za maliro ndi zawo, iye akunena za matebulo.

Atamuperekeza mpaka pa mpopi wouma wa pa ngodya, anabwerera n'kutembenuza tomato wa pa lata kuti aume mbali inayo. Anatsegula sutikesi, natulutsa kampango ka chitupa chija n'kukaika m'thumba la epuloni, popeza komiti idzachifuna polemba womuthandiza. Anatumiza uthenga kwa Nowa wakuti ku Mbizo sabwera.

Lachisanu adzakwera kombi yoyamba kupita ku Gweru kukapikula matumba awiri a anyezi ndi chidebe cha matemba. Loweruka adzayala katunduyo pa theka la kumanzere la tebulo nambala 17.